Mchombo M'nyumba ya Matayala

Nyumba yanga yoyamba ya pabanja idali ndi matayala. Ndikanena chonchi adzukulu amaseka, amati ndayamba nthabwala, koma ine ndidagonamo, ndidaphikamo, ndipo mwana wanga woyamba adabadwira momwemo. Amuna anga adali dalaivala wa giledala, chigalimoto chija chopala msewu. Pantchito yawo madalaivala ankapatsidwa kalavani, kanyumba ka malata kokhala ndi bedi, kazenera ndi masitepe achitsulo pakhomo, kokokedwa ndi thalakitala. Ntchito ikatha apa, nyumba inkanyamuka.

Amayi anga ku Dedza ukwati umenewu sudawakomere. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, tsono iwo ankati mkamwini wanji amene sasiya ngakhale nsanamira imodzi pamudzi. Adalola monyinyirika kuti ndipite ndi amuna angawo. Tsiku lonyamuka ndidali kale ndi pathupi. Amayi adandikokera kuseri kwa nkhokwe nandiuza mawu amene ndidawatenga mopepuka.

"Akabadwa wamkazi, mchombo wake ubwere kuno. Mwana wamkazi ndiye mudzi. Tidzaukwirira pakhomo pano pamene pali wako, pamene pali wanga. Usakautaye kuthengo ngati wa mbuzi."

"Ndamva, amayi," ndidatero, maso ali kumsewu. Ndinkaona ngati ulendowo ndi wa miyezi yochepa.

Tinkayenda mondondozana. Patsogolo giledala, kenako thalakitala yokoka kalavani yathu ndi ya akapitawo, pambuyo lole ya migolo ya dizilo, anyamata a mafosholo atakhala pamwamba. Liwiro lake munthu wa njinga ankatipitirira n'kutipatsa moni. Tidatsika phiri la ku Golomoti mabuleki akununkha, ine nditakumbatira mapoto kuti asagubuduke. Pa Salima tidakhalapo mpaka ndidadziwana ndi mayi wogulitsa tomato, kenako tidanyamuka. Pa Benga chimodzimodzi. M'matauni a m'njira monsemo ana ankatithamangira akukuwa kuti nyumba yoyenda, nyumba yoyenda, ndipo poyamba ndinkawakweza dzanja monyadira. Pofika ku Nkhotakota ndidali nditayamba kutseka kazenera.

Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mbewu. Ine ndidakulira pa khasu, dzanja langa silitha kuona dothi lonyowa osaponyamo kanthu. Paliponse pamene kalavani yaima ndinkatipula kadimba kumbali, kufesa mpiru, kubzala maungu. Mpiru ukangoti wayamba kutambasula masamba, akapitawo ankabwera akuwomba m'manja: "Mangani katundu, mawa tikusuntha!" Kuchokera ku Salima mpaka ku Dwangwa ndidadyetsa mbuzi za eni ake ndiwo zambiri, ine mwini ndikudyera usipa wouma. Amuna anga ankandiseka, ankati ndine mlimi wa anthu odutsa. Ine sizinkandiseketsa.

Pamsika wina m'njiramo anyamata a chipani adandiimitsa pachipata kufuna khadi. Ndidaonetsa langa. Mmodzi adaloza mimba yanga nati, "Nanga uyo ali m'katiyo?" Masiku amenewo munthu sunkayankha zambiri, ndidadula lachiwiri. Choncho mwana wanga adakhala ndi khadi asanakhale ndi kwawo.

Adabadwira kufupi ndi Dwangwa, m'kalavani, wondithandiza ali mkazi wa akapitawo, mayi wa ku Zomba wolimba mtima. Adali wamkazi. Mwambo umati mayi ndi khanda akhale m'chikuta, osatuluka, mpaka mchombo utagwa. Ine ndidamvera, sindidatuluke. Koma nyumbayo ndiyo idatuluka. Mchombo usanaume bwino, lamulo lidabwera loti gulu lathu likufunika kumpoto, ndipo thalakitala idatikoka ine ndi khanda tili chigonere pabedi. Amuna anga adasuzumira pakazenera nati, "Musadandaule, mayi a mwana, mwambo sitidaswe. Simudapondetu panja." Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawagenda ndi kapu.

Mchombo udagwa tikuwoloka Dwambazi, matabwa a mlatho akulira pansi pathu. Ndidaupeza m'thewera, kanthu kakang'ono kouma, kakuda ngati kachidutswa ka fodya wopota. Ndidang'amba kansalu, n'kuumanga mfundo, n'kuukoleka pa msomali pamwamba pa bedi. Madzulo ake ndidauza amuna anga kuti tsopano ndikufuna kupita kwathu.

"Tikafika pa Tukombo ndipempha tchuthi," adatero.

Pa Tukombo tidafika, tchuthi sichidapezeke, chifukwa dalaivala wa giledala adali iwo okha. Adati tidikire mwezi uthe. Mwezi udatha, mvula idayamba, ndipo milatho ya kumbuyo kwathu idayamba kukokoloka umodziumodzi. Ndekha ndi khanda sindikadatha kubwerera. Kamfundo kaja kadangokhala pa msomali, nyumba ikamayenda kankagwedezeka uku ndi uku, ine ndikukayang'ana. Ndikanena zoona, ndidayamba kudana ndi msewu, kudana ndi fungo la dizilo pa malaya a amuna anga, mwina ndi iwo omwe pang'ono.

Dziko lidasinthanso. Moni adasanduka "mwe uli," zikomo adasanduka "yewu." Chimanga chidasowa, paliponse chinangwa, ndipo kondowole woyamba amene ndidadya adandikakamira kukhosi mpaka misozi. Mvula ya kumeneko si ya kwathu yobwera masana n'kupita. Imagwa ngati yaiwala kuleka, ndipo pa denga la malata la kalavani munthu sumva ngakhale mawu ako omwe.

Pa Kande matope adatigwira. Lole idatitimira mpaka m'mimba, ndipo akapitawo adati basi, tikhala pano mpaka mvula idule. Makalavani adawakokera pa kamtunda kouma, chakumtunda kwa msewu wakale, pafupi ndi mtengo wa mango. Malowo adali a mayi wina wachitonga, wamtali, wa mawu aakulu, amene mwamuna wake adapita ku Joni kalekale osabwerako. Tsiku loyamba lomwe adabwera ndi chigwada m'mbale, nayima pamasitepe, nayang'ana m'kati monse mopanda manyazi.

"Odi, ama! Nyumba yamampha iyi," adatero akuseka, kutanthauza kuti ndi yabwino. "Kweni chimbuzi chake chiyenda nachonso?"

Chichewa chake chidali chosakaniza, changa Chitonga padalibe, koma tidamvana. Ndiye adandiphunzitsa kuviika chinangwa, kuchiyanika, ndi kumeza kondowole osatafuna. Ine ndinkamutcha amayi a pamtunda.

Nthawi imeneyo mwana adali atayamba kuvuta. Sankadwala ayi, kutentha thupi kudalibe, kuyamwa ankayamwa bwino. Koma ukangomugoneka pansi ankalira mpaka kuuma mawu. Ankatonthola pokhapokha ukuyenda naye. Ndinkazungulira kalavani ndi mwana kumsana, m'mawa, masana, mvula ikugwa nditafunda thumba, mpaka padapangika kanjira kozungulira nyumba. Miyendo idanditupa. Ndikaima pang'ono kuti ndipume, iye wayamba.

Tsiku lina amayi a pamtunda atakhala pabedi langa adaona kamfundo kaja.

"Ichi ntchinthu wuli? Munkhwala?"

Ndidawafotokozera zonse, za amayi anga, za pakhomo pathu ku Dedza, za tchuthi chosabwera. Adawomba m'manja kamodzi.

"Mwana wangu, ndiwe wakupusa yayi, kweni apa wapusa. Mchombo uyenda ulendo? Iwe waupayika m'mwamba, ugwedezeka zuwa lose, ndipo ukuti mwana agone? Agona wuli? Mchombo ukhumba dothi."

"Amayi anga adati ukakwiriridwe kwathu."

"Anyoko ali kutali, mwana ali pano. Dothi ndi la Chiuta, kwidu kuno nako ndi dothi."

Mawu amenewo adandisowetsa mtendere masiku ambiri. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndidali pakati pa amayi ondibala ndi mwana wondilirira kumsana. Ndikaganiza zoukwirira kuno, ndinkaona nkhope ya amayi kuseri kwa nkhokwe. Ndikaganiza zodikira, ndinkaona mvula yosatha ndi msewu wopita kutsogolo kokhakokha. Amuna anga nditawafunsa adangoti, "Zimenezo n'za azimayi, ine ndingalowemo bwanji?" Amuna amadziwa kuthawa nkhani akafuna.

Amayi a pamtunda adaonjeza china chimene chidandigonjetsa. Adati malo ali nawo ambiri, ana awo onse ali kutauni. Ngati ndikufuna, kamtundako nditenge, ndibzale chinangwa, amuna anga aumbe njerwa mvula ikatha, amange nyumba yeniyeni. Iwo azipita ndi msewu wawo, azibwera pakutha pa mwezi. Chinangwa, adatero, sichili ngati mpiru wako, chimadikira mwini wake m'nthaka ngakhale achedwe. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu ndidamva mtima ukukhala pansi. Ndipo amuna anga, mwina chifukwa chotopa ndi nkhope yanga, adavomera.

M'mawa wina mvula itapuma, ndidatsitsa kamfundo kaja. Mwambo wa kwathu umati pakhomo, ndipo ine khomo limene ndidali nalo lidali limodzi. Ndidagwada pansi pa masitepe achitsulo a kalavani, ndidakumba ndi mpeni kadzenje kofika m'chigongono, ndidaikamo, n'kukwirira, n'kutsendera ndi chidendene. Amayi a pamtunda adazika phesi la chinangwa chapambali kuti pakhale chizindikiro. Palibe mwa ife awiri amene adaganiza kuti khomo la nyumba ya matayala si khomo. Tinkangoti nyumba ya njerwa idzamangidwa pomwepo, chitseko chidzayang'ana komweko.

Kaya ndi mchombowo, kaya mwana adangokula, ine sindidziwa, koma adayamba kugona. Ndinkamuyala pamphasa pansi pa mango, iye n'kumasewera ndi zala zake. Ndidabzala chinangwa kamtunda konse. Ndidafesanso mpiru, ndipo ulendo uno ndidaudya ndekha, wotendera, mpaka kugawirako mkazi wa akapitawo. Amuna anga adapanga chikombole cha njerwa ndi matabwa otsala pa mlatho. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi ndi amayi a pamtunda, nyimbo zachitonga ndikungotsatira mang'ombe, ndipo azimayi adayamba kunditcha ndi dzina la mwana wanga monga amachitira ndi anzawo.

Chaka chimenecho nyanja idadzaza kuposa mmene akuluakulu a pamenepo ankaidziwira. Idalowa m'madimba, idamiza mitengo ya m'mphepete, ndipo chigawo china cha msewu wakale, umene tidabwera kudzakonza, chidasanduka dambo. Asodzi ankapalasa mabwato pamene lole inkadutsa. Mvula itadula kudabwera anthu opima, ndi makina awo a timiyendo titatu ndi zikhomo zopaka utoto wofiira. Ankafuna pouma podutsitsa msewu watsopano. Pouma pa dera lonselo padali pomwe akapitawo adaona poyamba paja, pamene adaimika makalavani.

Ine ndidali nditakhala pa msewu nthawi yokwanira kudziwa kuwerenga zikhomo. Ndidatuluka m'mawa, ndidaona chimodzi kumwera kwa mango, china kumpoto, ndidaima pakati n'kuyang'ana uku ndi uku. Mzere wake unkadutsa pamasitepe anga enieni. Ndidakhala pansi pomwepo.

"Bambo a mwana, kauzeni akhotetse pang'ono. Pang'ono pokha, mpaka pa mango apo."

"Ndikauze ndani?"

"Akapitawo. Opimawo. Aliyense!"

"Ndikati chifukwa chiyani? Kuti pali mchombo?" Adayang'ana kunja ngati wina akumvetsera, natsitsa mawu. "Inu mukudziwa nyengo imene tili. Msewu uwu akuti akuluakulu adzadutsapo posachedwa. Munthu wozula chikhomo amamufunsa kuti wamutuma ndani."

Sadaname. Masiku amenewo anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa chikhomo. Komabe ndidawalalatira, ndidawanena kuti ndi mwamuna wopanda nsanamira monga adanenera amayi anga, mawu amene ndidaona kuti awalasa. Adapita kwa akapitawo ndithu, mwakachetechete. Akapitawo adamva chisoni, adati iwonso ndi kholo, koma mzere sadajambule ndi iwo.

Thalakitala itakokera kalavani pambali, ndidatenga khasu kuti ndifukule. Phesi la chinangwa lija lidali litakula kufika m'chiuno, tsono malo sindidasokere. Ndidakumba pang'onopang'ono, kenako ndidataya khasu n'kuyamba ndi manja, kupukusa dothi lililonse m'zala. Ndidapeza mizu, nyongolotsi, timiyala. Kansalu kadali kataola, ndidangopeza ulusi pang'ono. Mchombo wokha padalibe. Miyezi yonse ija ya mvula udali utasungunuka.

Amayi a pamtunda adaima pambali panga, manja kumsana. Munda wawonso unkapita, koma sadanene za munda.

"Leka, mwana wangu. Wasanduka dothi. Ungatole wuli dothi mu dothi?"

Ndidafuna kutapa dothi lonselo m'thumba, koma lingakhale liti? Dzenje ndidali nditalikulitsa kale, dothi nditalimwaza mbali zonse. Ndidangokhala pamenepo manja ali matope, mwana akundikoka bele.

Dalaivala wa giledala, monga ndanena, adali mmodzi. M'mawa mwake amuna anga adavala ovolosi, sadamwe tiyi, adakwera. Ine ndidaima pansi pa mango ndi mwana kumsana, ndidati ndione ndi maso anga. Adayambira kumwera, mpeni wa giledala uli pansi, chinangwa changa chikugwa mzeremzere. Atafika pafupi ndi dzenje lija adaima. Injini inkangolira. Anyamata a mafosholo adayang'anana, akapitawo adayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitambo. Amuna anga adavula chipewa, adachiika pa bondo, adakhala choncho kanthawi. Kenako adaponda.

Amene sadaonepo giledala ikugwira ntchito amaganiza kuti imakwirira. Siikwirira. Mpeni wake umakhala chopingasa, umapala dothi, dothilo limagubuduzika patsogolo pake n'kumatayika pang'onopang'ono m'njira monse. Ndidaona dothi la pakhomo panga likunyamuka, likupiringizika, likupita chakumpoto, kutsalira apa pang'ono, apo pang'ono, mpaka giledala idazimirira pokhota. Mwana kumsana ankadumphadumpha ndi chimwemwe, ankakonda kulira kwa injini ya bambo ake.

Tsiku limenelo amuna anga sadadye. Ine sindidawapepese pa mawu aja, iwonso sadandipepese, tidangokhala pamasitepe moyandikana. Njerwa sizidaumbidwe. Amayi a pamtunda adati malo ena alipo kuseri, koma mtima wanga udali utazuka. Pamene gulu lidanyamuka ndidakwera. Adandipatsa mtolo wa mapesi a chinangwa, nati, "Ukapande kumene wamuima." Tidadutsa Chintheche, tidakhalako pa Sanga, tidafika ku Mpamba pakati pa mitengo ya mphira, kumene ndidakumana ndi anthu a kwathu ogwira ntchito m'minda imeneyo, n'kulankhula Chichewa mpaka nsagwada kuwawa. Mapesi aja adaumira padenga la kalavani.

Kwathu ndidakafika mwana akuyenda kale. Amayi adamunyamula, adamuyang'ana mano, adamusekerera. Kenako adanditembenukira natambasula dzanja. Ndidawauza zonse osabisa. Sadakalipe, ndipo bola akadakalipa. Adangobweza dzanja lawo nalipukuta pa chitenje, nati, "Ndiye kuti uyu ndi mlendo wathu."

Mwanayo adakula, ndipo sindinena kuti ndi chifukwa cha mchombo, poti ine ndimapemphera. Ndingonena zimene ndaona. Abale ake onse amene ndidabereka titasiya kalavani ali ku Dedza, amalima mbatata ya kachewere, nyumba zawo zayandikana. Iye yekha sadakhalepo malo amodzi zaka zoti munthu n'kudya mango a mtengo wobzala yekha. Ndi wa geni, lero ali kumalire a kumpoto kukatenga zitenje, mawa ali kumwera. Malume ake atamugawira munda, adathokoza mwaulemu n'kuupereka kwa mng'ono wake. Ndikamufunsa kuti udzamanga liti, amati, "Ndikakhala pansi, amayi, miyendo imandiyabwa."

Bambo ake atamwalira, mwana wangayo adanditenga kuti ndikapumuleko kumene ankachita lendi ku Mzuzu, ndipo basi yathu idadzera njira ya kunyanja. Msewu tsopano ndi wa phula, malo amene tinkayenda mwezi basi imadutsa munthu usanamalize nthochi. Nkhaniyi ndidali ndisanamuuzepo, bambo ake adandipempha kuti ndisamuuze iwo ali moyo. Titawoloka Dwambazi ndidayamba kuyang'ana pazenera, ndipo iye adaona kuti sindikukhazikika.

"Amayi, mukufuna chiyani kunjako?"

Ndidamuuza, mwachidule, basi ikuthamanga. Adamvetsera osaphethira. Nditamaliza adafunsa motsitsa mawu, "Tsono uli pati?"

Mango uja padalibe, nyumba zidali zambiri, koma kamtunda ndidakadziwa, ndi pokhota paja pamene giledala idazimirira.

"Tikuuponda," ndidatero. "Kuyambira pano mpaka uko."

Adaimirira n'kumenya denga la basi ngati munthu wapitirira pamalo pake. Kondakitala adadandaula kuti pano si pa siteji, iye adati mphindi imodzi yokha, achimwene. Adatsika, ine pambuyo pake. Adavula nsapato, mayi wamkulu wa ana ake, n'kuima pa phula lotentha ndi mapazi osavala, akuyang'ana kumwera, akuyang'ana kumpoto. Ndidadikira kuti alire, kapena andifunse chifukwa chimene ndidachitira zimenezo. Ndidali nditakonzeka kumuuza kuti tifunefune ana a amayi a pamtunda, mwina malo a kuseri aja akadalipo, mwina angamange.

Dalaivala adaliza hutala. Mwana wanga adawerama, adagwira msewu ndi chikhatho, adatola nsapato zake.

"Tiyeni, amayi," adatero. "Basi ingatisiye."